Mlandu wa Kamdyeretu wa Pakhoma

Padangokhala, ndipo amene ali maso avomere kuti tili tonse, wosinzayo timupeza pobwerera.

Padali Gologolo, mtsikana wa mchira wawiyawiya, amene zala zake sizinkayera ndi makala. Anzake akamasinja, iye ankajambula pamtondo. Akamutuma kumadzi, ankabwera ndi mtsuko wouma koma uli ndi maso, mphuno ndi ndevu. Amayi ake adalankhula mpaka malovu kuuma, kenako adangoti mwana ameneyu akadzakwatiwa, mwamuna wakeyo azidzadya zithunzi.

Mudziwo unkalamulidwa ndi Mfumukazi Njiri, mayi amene sankagwadira wina aliyense kupatula chakudya. Nkhope yake idali ndi njerewere zinayi zikuluzikulu, ndipo mano awiri adatulukira panja ngati akuthawa pakamwapo. Tsiku lina Njiri adaitanitsa Gologolo n'kumuuza kuti amujambule pamwamba pa khoma la nyumba yake, khoma loyang'ana kumsika. Gologolo adayang'ana njerewere zija, n'kuyang'ana mano aja, n'kuyang'ananso njira yothawira. Kenako adajambula mayi wa masaya osalala, khosi lalitali, mano atabisala bwinobwino m'kamwa. Njiri adachiyang'anitsitsa chithunzicho, nati chibadwire sadaonepo mwana wa maso akuthwa chotere. Mphotho yake idali khoma lonse la m'munsi. Azijambulapo chilichonse chimene mtima wake wafuna, bola chapamwambacho asachikhudze.

Pakhoma limenelo ndi pamene adabadwira Kamdyeretu.

Kamdyeretu sadali nyama ya mtundu uliwonse, kuopa kuti abale ake angadandaule. Adali chimimba chobulungira, timiyendo tiwiri ngati udzu, pakamwa potambalala, ndi dzanja limodzi lalitali kuposa linzake. Ana a masiku ano akadati katuni. Tsiku lililonse la msika Gologolo ankaviika mchira wake m'dothi loyera, n'kuzira khoma lonse la m'munsi kufafaniza za sabata yatha, n'kuligawa zigawo zinayi. Chigawo choyamba, Kamdyeretu ali ndi njala. Chachiwiri, waona cha mwini. Chachitatu, wanama. Chachinayi, wakhuta kapena akumuthamangitsa, kawirikawiri zonse ziwiri. Ankalawa ndiwo za pamaliro mtembo usanatuluke m'nyumba. Ankapita kukazonda odwala atanyamula mbale yopanda kanthu. Nyama zinkaseka mpaka kuiwala chimene zabwerera kumsika.

Pozira khomalo Gologolo ankaimba kanyimbo kake. Kankafunsa ngati ndagi, kuti ndani uyo amadya tsiku ndi tsiku koma sadamezepo kanthu, amathawa chaka chonse koma sadasunthepo pamene ali. Oonerera ankavomera ndi dzina la Kamdyeretu n'kuwomba m'manja kawiri, mchira ukupita uku ndi uku motsata nyimboyo.

Amene sankaseka adali mmodzi yekha, Nang'omba. Ameneyu adali wafilosofi wa mudziwo, kutanthauza kuti ankaganizira anthu amene atanganidwa ndi kulima. Ankavala zakuda chaka chonse, ndipo ankayenda pang'onopang'ono kuopa kuti maganizo angakhuthuke. Adali ndi malamulo atatu a khalidwe, amene ankati adawatulukira yekha atakhala mwezi wathunthu osalankhula ndi mkazi wake. Loyamba linkati usanachite kanthu, udzifunse ngati dziko lingaime aliyense atachita chomwecho. Lachiwiri linkati ntchito siyezedwa ndi zipatso zake koma ndi mtima wa woichitayo. Lachitatu linkati bodza ndi bodza, ngakhale lolanditsa mwana m'kamwa mwa njoka. Tisamunamizire, Nang'omba sadanamepo chibadwire. N'chifukwa chake kuukwati sankamuitana.

Kamdyeretu asanabadwe, tsiku la msika nyama zinkakhala momuzungulira Nang'omba kumva nzeru, aliyense atamutengera chiwala kapena nkhono. Tsopano onse ankamupatsa nkhongo, maso ali pakhoma, ziwala akutafuna okha. Choncho Nang'omba adapita kwa Njiri kukasuma. Adati m'mudzimo muli munthu wakuba, wabodza ndi wosusuka, amene akulemekezedwa kuposa anthu olungama. Adapempha kuti Kamdyeretu afafanizidwe mpaka kale, ndiponso kuti mchira umene umamuyalira malo udulidwe. Ena atamufunsa ngati mlanduwo sunabwere chifukwa cha ziwala, iye adati funsolo n'lamwano. Limenelinso silidali bodza.

Njiri ankakonda milandu chifukwa inkathandiza kuti chakudya chitsike. Adafunsa nduna yake, Gulo, ngati nkhaniyo ndi yoyenera pabwalo. Gulo adagwedeza mutu. Adafunsanso ngati ndi yachibwana. Gulo adagwedezanso mutu. Ntchito ya Gulo idali imeneyo, ndipo ankaigwira mokhulupirika.

Koma mudziwo udali ndi mwambo wake. Mlandu sunkagamulidwa mwini wake asanadziyankhire. Popeza Kamdyeretu ankajambulidwa tsiku la msika lokha, Njiri adalamula kuti mlanduwo utenge misika itatu, msika umodzi lamulo limodzi la Nang'omba, ndipo Gologolo azimulankhulira munthu wakeyo. Akagwa pa lamulo limodzi lokha, mchira wapita. Adaitanitsa Nkhanu, amene ankameta anthu pamaliro, kuti akhale pafupi ndi malumo ake.

Gologolo adaukumbatira mchira wake. Ankadziwa kuti gologolo wopanda mchira ndi khoswe wokwera mitengo basi. Sangadumphe nthambi osagwa, sangazire khoma, ndipo amayi ake akadapeza nkhani yoti azinena mpaka kumanda.

Msika woyamba udafika. Gologolo adazira khoma akuimba nyimbo ija, ndipo khamu lidavomera mwamphamvu kuposa kale, poti palibe chimene chimakometsa nyimbo ngati mnzako akakhala pamoto. Nang'omba adaimirira, nakumbutsa bwalo kuti sabata yathayo Kamdyeretu adapisa dzanja lake lalitali m'nkhokwe ya mayi wamasiye n'kuba mtedza. Adalankhula kuyambira dzuwa lili paphewa mpaka litafika paliwombo, kufotokoza kuti aliyense atamaba, palibe angalime, ndipo popanda wolima palibe chobedwa, motero wakuba amadzidula yekha miyendo.

Gologolo adawomba m'manja mwaulemu. Adati nzeru zotere munthu akamva amakhuta osadya, ndipo mwina n'chifukwa chake Aphunzitsi sakufunanso ziwala. Kenako adajambula nkhokwe yaikulu yodzaza mtedza, naphwanyaphwanya makala ake n'kugawira aliyense kachidutswa.

"Lamulo la Aphunzitsi likuti tiyese aliyense atachita chomwecho," adatero. "Ndiye tiyese. Aliyense abe monga amabera Kamdyeretu."

Nyama zidakhamukira pakhoma. Aliyense adajambula dzanja lake likulowa m'nkhokwemo. Fulu adaba, Nungu adaba, ngakhale akuluakulu a mpingo wa mbalame adaba. Mfumukazi adaba kawiri, nati koyambako dzanja silinaoneke bwino. Atatha, Gologolo adapempha kuti aliyense athamangire kwawo akasuzumire m'nkhokwe yake. Onse adabwerako n'kunena kuti mtedza uli momwe adausiyira.

"Aphunzitsi, mudzi wonse waba," adatero Gologolo. "Dziko lagwa?"

Njiri adafunsa Gulo ngati dziko lagwa. Gulo adagwedeza mutu. Adamufunsa ngati likadali chiimire. Gulo adagwedezanso. Njiri adati umboni wa nduna wamveka, lamulo loyamba silinamugwire Kamdyeretu. Nang'omba sadatekeseke. Adati mtsikanayo waonetsa kuti palibe chasowa, koma iye sawerenga mtedza, amawerenga mitima. Akumane msika wamawa.

Msika wachiwiri Gologolo adaziranso khoma, nyimbo ili pakamwa, khamu likuwomba m'manja kawiri pamalo pake. Adajambula Kamdyeretu mmodzi wamkulu, ataima chilili ngati munthu wodikira chigamulo. Nang'omba adafotokoza kuti munthu akafuna kuba n'kupeza nkhokwe ili mbee, ndi wakuba ndithu, chifukwa kuba kumayambira mumtima. Ndipo mtima wa Kamdyeretu ngwakuda.

Gologolo adati iye ndi mwana, za mitima sazidziwa, koma adamva kuti pabwalo mboni imaonekera. Ngati mlandu uli pamtima, mtimawo ubwere anthu auone. Adatenga chigoba cha nkhono n'kuyamba kupala pachifuwa pa Kamdyeretu. Pansi pa dothi loyera adapeza dothi la sabata yatha. Pansi pake adapeza mwendo wa Kamdyeretu wa mwezi watha. Adapalabe mpaka chigobacho chidagunda pamtengo.

"Nawu mtima wake, Amayi Mfumukazi. Ndi nsichi ya nyumba yanu."

Adawonjeza modzichepetsa kuti ngati Aphunzitsi akuti mtimawo ngwoipa, palibe kuchitira mwina, uzulidwe basi. Kungoti nsichi imeneyo ndi imene yanyamula denga la chipinda chogona cha Amayi. Njiri adadzuka pampando mofulumira kuposa momwe anthu ankaganizira kuti angathe. Adati nsichi imeneyo akuidziwa, adaisankha yekha, ndipo m'mudzi monsemo mulibe mtima wowongoka ngati umenewo.

Bwalo lidaseka mpaka Fulu adagwa chagada. Nang'omba adadikira kuti kuseka kuthe, ndipo adadikiranso kuti Fulu amutembenuze. Kenako adalankhula motsitsa mawu.

"Mtsikana iwe, wapala malo olakwika. Amasankha kuti Kamdyeretu abe ndani? Amamutsegula pakamwa kuti aname ndani? Mtima wake suli pakhoma. Uli m'chifuwa cha wogwira makala."

Gologolo adamva mchira wake ukuzizira kuyambira kunsonga. Mkuluyo ankanena zoona, ndipo choipa cha anthu onena zoona n'chakuti nthawi zina amalasa. Nang'omba adati msika wachitatu sadzavutikanso ndi chithunzi. Adzayeza mwini wake ndi lamulo la bodza. Nkhanu adasendera cham'mbali monga amayendera, nayeza tsinde la mchirawo ndi lumo lake, nati kamodzi kakwana.

Sabata imeneyo Gologolo sadadye bwino. Amayi ake ankamupesa mchira m'mawa uliwonse, amati ngati akudula, adule chooneka bwino, anthu asanene kuti pakhomo pano palibe chipeso. Anzake ankabwera kudzamupepesa, koma maso awo ankayeza ngati ubweyawo ungakwane tsache. Tsiku lachisanu adapita kukakhala pansi pa khoma lake, akuganiza zoti atsanzikane ndi Kamdyeretu. Adayang'ana chimimba chija, timiyendo tija, dzanja lalitali lija. Zonse zidali zabodza, n'zoona. Adakweza maso pang'onopang'ono kufunafuna chinthu chimodzi chokha choona pakhomapo, mpaka adafika pamwamba penipeni, pamene mayi wa masaya osalala ankamwetulira msika wonse. Adachiyang'ana nthawi yaitali. Atafika kunyumba adadya mbale ziwiri, amayi ake nati mwanayu wapenga ndi mantha.

Msika wachitatu udadzaza kuposa yonse. Ngakhale amene adali ndi odwala kunyumba adawasiya, amati matenda adikira koma mchira umadulidwa kamodzi. Gologolo adaviika mchira m'dothi loyera n'kuyamba kuzira. Nyimbo ija adaiimba pang'onopang'ono ngati ya pamaliro, ndipo atafika pofunsa za wakudya wosameza uja, ovomera adali ochepa, m'manja mukuwombedwa mwamanyazi. Adazira khoma lonse la m'munsi mpaka lidayera. Atatha adaika makala pansi osajambula kanthu, nakhala.

Nang'omba adaona khoma loyeralo nati n'zabwino kuti wolakwa wayamba kulapa, koma kulapa sikubweza mlandu. Adafotokoza kuti bodza ndi kuonetsa chimene kulibe ngati chilipo. Adati mtsikanayu ntchito yake ndi imeneyo. Dzanja lake likakhudza khoma, pamatuluka bodza. Zoti anthu amaseka, zoti mitima yawo imapepuka, zoti palibe amene wavulala, zonsezo lamulo silizidziwa. Bodza ndi bodza. Adabwereza mawu amenewa katatu, akuyang'ana mbali zitatu za bwalo, kuti aliyense alandireko gawo lake.

Gologolo adagwada, mchira ataugoneka pansi pafupi ndi Nkhanu.

"Ndamva, Aphunzitsi, ndipo sinditsutsa. Koma mwambo ukuti munthu asalangidwe asanaonetsedwe cholakwa chake. Lero pakhomali patsala ntchito imodzi yokha ya dzanja langa." Adaloza pamwamba. "Inu simunanamepo. Tiuzeni, chimenecho n'choona kapena n'chabodza? Mukati n'chabodza, a Nkhanu adule."

Mitu yonse idatembenukira pamwamba pa khoma, kenako idatembenukira kwa Njiri, kenako idaweramira pansi msangamsanga, aliyense akuyang'ana zala zake ngati wazipeza lero. Njiri adadzikonza pampando, napendeketsa mutu monga momwe udapendekera pachithunzipo. Njerewere zinayi zija zidawala ndi thukuta.

"Yankhani, Aphunzitsi," adatero mokoma. "Ndikufanana nacho kapena ayi?"

Nang'omba adayang'ana masaya osalala a pakhoma. Adayang'ana masaya a pampando. Adayang'ana mano awiri aja, amene tsiku lina adang'amba mimba ya kambuku chifukwa chongoseka pa nthawi yolakwika. Choonadi chidanyamuka m'mimba mwake kukwera kukamwa, monga chinkachitira masiku onse. Chili m'njira chidakumana ndi mantha akutsika. Bodza nalo lidabwera kudzathandiza, kabodza kakang'ono kaulemu kamene aliyense pabwalopo akadakanena osaphethira, koma lamulo lachitatu lidaima pakhomo n'kukana kulitsegulira. Zitatuzo zidapanikizana pakhosi, palibe chofuna kupatukira chinzake. Khosi lidayamba kutupa. Lidafufuma ngati thumba, lidafiira ngati phwetekere wakupsa. Nang'omba adatsegula mlomo wake wautaliwo, bwalo lonse lidatchera khutu, ndipo chimene chidatuluka ndi kugunda kwa pansi pamtima, ngati ng'oma yonyowa.

"Mm. Mm-mm."

Njiri adafunsa Gulo ngati Aphunzitsi avomera. Gulo adagwedeza mutu. Adafunsa ngati akana. Gulo adagwedeza mutu, koma ulendo uno thukuta likutsika.

Pamenepo Mfumukazi adagamula. Adati wosuma sanamalize mawu ake, ndipo bwalo silingadule mchira wa mwana wa eni ake chifukwa cha kubuula. Koma mlandu suwola. Tsiku limene Aphunzitsi adzayankhe, bwalo lidzakhalanso. Akadzati chithunzicho n'choona, ndiye kuti mtsikanayu sanama, ndipo mchira ndi wake. Akadzati n'chabodza, Nkhanu adzadula mchirawo tsiku lomwelo, ndipo akadzatha, iye mwini Njiri adzakhala ndi mawu awiri oti akambirane ndi Aphunzitsi paseri. Ponena mawu awiriwo adanyambita mano ake, limodzi kenako linzake.

Anthu akubalalika, Njiri adakodola Gologolo kuti asendere pafupi.

"Mwana iwe, usaganize kuti wapusitsa aliyense. Ndimamwa madzi padziwe ngati wina aliyense, nkhope yanga ndimaidziwa." Adayang'ana pamwamba pa khoma. "Sabata yamawa khosilo ulitalikitseko pang'ono."

Msika wotsatira Kamdyeretu adabwerera, ndipo nyimbo idavomeredwa mpaka kumidzi yoyandikana nayo. Koma tsopano sadali yekha. M'zigawo zonse zinayi ankatsatidwa ndi chinthu chakuda chachitali, cha mlomo wotsegula wosatulutsa mawu, pakhosi pake atapakapo kadontho ka katondo. Chinthucho chidalibe dzina, kuopa kuti abale ake angadandaule. M'chigawo chachitatu Kamdyeretu adachibera ziwala khumi. M'chigawo chachinayi adachibwezera chimodzi, chothyoka mwendo. Gologolo adauza aliyense wofunsa kuti munthu wake wasintha khalidwe chifukwa cha maphunziro.

Nang'omba mpaka lero akuyendabe pang'onopang'ono atavala zakuda, khosi lili psuu, ndipo m'mawa uliwonse amayesanso kuyankha. Sadanamebe, ulemu umenewo timupatse. Gologolo nayenso mlandu uja sadauiwale. N'chifukwa chake mchira wake saukoka pansi ngati anzake. Amaunyamula pamsana, pafupi ndi makutu, ndipo akamva kugunda kuja m'mawa amaima chilili, kadzanja pachifuwa, kumvetsera ngati lero mawu atuluka. Akamva kuti ndi mm yemwe uja, amaugwedeza kawiri n'kupita kukafuna makala.

Nthano yathera pamenepa. Amene adakwirira mbatata akafukule yekha, ine m'manja mwada kale.